Kukadya zakudya za ku Mexico mumzinda wa Chicago: mafunso ndi mayankho

Alendo akabwera kudzandiona kuno ku Chicago, kaya achokera kumudzi kaya angokwera sitima ya South Shore kuchokera ku South Bend komwe kuli Amalawi ambiri, tsiku lachiwiri ndimapita nawo kokadya zakudya za ku Mexico. Tsiku loyamba ndi la nsima, zimenezo sitikambirana. Mafunso amene amandifunsa tili m'njira, ndi ena amene amanong'ona menyu ili m'manja, amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka. Ndawalemba pano pamodzi ndi mayankho anga.

Kodi munthu wokulira nsima angakhute ndi zakudya zimenezi?

Angakhute, ndipo sachedwa kuzizolowera. Chimanga chimene timati ndi moyo chija kwawo ndi ku Mexico. Anthu a kum'mwera kwa dzikolo anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wina wakutchire wotchedwa teosinte, ndipo ku Africa chinafika ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Nyemba, maungu, tsabola ndi mapeyala nazonso ndi mbewu zakale za kumeneko. Choncho mukakhala patebulo n'kuona chimanga, nyemba, matimati ndi tsabola, dziwani kuti mwafika kwa eni ake mbewu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife chimangacho timachithyakula mumphika, iwo amachiphwatalalitsa n'kuchiwotcha pachiwaya. Tinthu tobulungira topyapyalato ndito tortilla, ndipo ntchito yake ndi ya nsima yeniyeni: kutengera ndiwo kupita nayo kukamwa.

Ndiye kuti tortilla ndi ufa wathu womwewu?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mutatenga ufa woyera kapena mgaiwa n'kukanda ndi madzi ozizira, sungagwirane, ungonyenyeka. Anthu a ku Mexico amayamba awiritsa chimanga chouma m'madzi othira laimu, yemwe uja wopaka pakhoma koma woyeretsedwa kuti alowe m'chakudya. Kale ena ankagwiritsa ntchito phulusa, nzeru yofanana ndi chidulo chathu chophikira therere. Chimangacho amachisiya chigone m'madzimo usiku wonse, m'mawa n'kuchitsuka kuti gaga achoke, kenaka n'kuchipera chikadali chonyowa. Chimangachi amachitcha nixtamal, ndipo phala lolimba lotuluka pamphero amalitcha masa. Masa ndiye amagwirana bwino, ndipo amakhala ndi kafungo kake kamene mukakamva kamodzi simudzakaiwala.

Laimuyo amagwira ntchito inanso yaikulu. M'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin, koma amakhala womangika moti thupi silitha kumutenga. Kuwiritsa ndi laimu kumamumasula. Chimanga chitawoloka nyanja kupita ku Ulaya ndi ku Africa, njira yophikirayi inatsala kwawo, ndipo m'madera momwe anthu osauka ankadya chimanga chokhachokha munabuka nthenda ya pellagra, yothetheka khungu ndi kutsegula m'mimba. Ku Malawi nthendayi inavuta kwambiri mu 1990 pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ankadalira ufa wa thandizo popanda ndiwo zokwanira.

N'chifukwa chake ine lesitilanti ndimaiweruza ndi tortilla yake. Ikabwera yotentha, yofewa, yonunkhira chimanga, yopindika osang'ambika, zotsalazo zidzakhalanso bwino. Ikabwera yozizira ndi youma m'mbali, wophikayo ndi ngati mayi wopereka nsima ya mitanda kwa apongozi.

Mu Chicago ndipite mbali iti?

Madera awiri odziwika kwambiri ndi Pilsen ndi Little Village. Ku Pilsen mumakwera sitima ya Pink Line n'kutsikira pa 18th Street. Mukangotsika muona zithunzi zazikulu zojambulidwa m'makoma, ndipo malo odyera ali mumsewu womwewo. Dzina la Pilsen linasiyidwa ndi anthu ochokera ku dziko la Czech amene ankakhalako kale. Anthu a ku Mexico anachuluka kumeneko m'zaka za m'ma 1960, ambiri atasamutsidwa pamalo pomwe panamangidwa yunivesite ya Illinois. Koma mumzindawu anayamba kufika kale, cha m'ma 1910 ndi 1920, kudzagwira ntchito panjanji, m'mafakitale a zitsulo ndi m'malo ophera nyama.

Little Village, yomwe eni ake amati La Villita, ili chakumadzulo. Msewu wake waukulu ndi 26th Street, ndipo polowera pali chipata chachikulu cholembedwa mawu olonjera alendo m'Chisipanishi. Kumeneko Chingerezi mumachimva mwa apo ndi apo.

Mukakhala ndi nthawi ku Pilsen, yambani mwalowa mu National Museum of Mexican Art. Kulowa ndi kwaulere, ndipo potuluka njala imakhala itakwana.

Kodi taqueria ndi lesitilanti ndi zosiyana?

Taqueria ndi malo ogulitsa taco, tortilla yoikapo nyama: mumaitanitsa pakauntala kapena kwa woperekera wothamanga, chakudya chimabwera msanga, mtengo ndi wa munthu wamba. Palinso malo amene amadziwa chinthu chimodzi basi, ndipo amenewa ndi amene ndimawakonda. Carnitas Uruapan ya pa 18th Street yakhala ikugulitsa nkhumba yophikidwa monga amachitira m'chigawo cha Michoacán ku Mexico kuyambira 1975, ndipo nyamayo amagulitsa poyeza pasikelo. Birrieria Zaragoza ya ku Archer Heights inatchuka ndi mbuzi.

Kumbali ina kuli malo a nsalu zoyera patebulo. Rick Bayless, wophika wa ku America amene anakaphunzira zophika ku Mexico, anatsegula Frontera Grill mu 1987 ndi Topolobampo mu 1989, kumpoto kwa mtsinje pafupi ndi pakatikati pa mzinda. Kumalo otere mumasungitsa malo pasadakhale, ndipo thumba lizikhala lolemera. Zakudya zake ndi zabwino, sindikana. Koma mlendo woyamba ndimamutengera ku taqueria, chifukwa kumeneko ndi kumene amaona mabanja akudya mmene amadyera tsiku ndi tsiku.

Mayina a pamenyu amandisokoneza. Ndiyambire pati?

Yambirani pa taco. Ndi tortilla yaing'ono, kawirikawiri ziwiri zosanjikiza, pamwamba pake nyama yoduladula, anyezi wosaphika ndi masamba onunkhira otchedwa cilantro, pambali kachidutswa ka ndimu. Atatu amakwanira munthu wamba. Mnyamata wochokera kuntchito amafika asanu. Funso lenileni ndi lakuti nyama yanji. Asada ndi ng'ombe yowotcha. Pollo, amene amatchulidwa ngati "poyo", ndi nkhuku. Carnitas ndi nkhumba yophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe mpaka kufewa. Birria ndi mbuzi, nthawi zina ng'ombe, yophikidwa ndi tsabola wouma ndipo imabwera ndi msuzi wake m'kambale. Kwawo ndi m'chigawo cha Jalisco ku Mexico. Lengua ndi lilime la ng'ombe, cabeza ndi nyama ya kumutu, tripa ndi matumbo okazinga. Anzanga a ku America amachita tsinya akamva zimenezi, koma ife odya nthumbwana ndi mang'ina tilibe choopa. Ine lengua ndiye taco wanga.

Al pastor ali ndi mbiri yosangalatsa. Mukaona nyama yofiira itasanjikizidwa pachitsulo choimirira chomazungulira pafupi ndi moto, chinanazi chili pamwamba, ndi ameneyo. Kawotchedwe kameneka kanabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon amene anasamukira ku Mexico kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 atanyamula shawarma yawo ya nkhosa. Ana a dzikolo anasintha nkhosa kukhala nkhumba, anathira tsabola wawo, n'kuika patortilla.

Zina zonse ndi masa yemweyo atavala zovala zosiyana. Tortilla yopinda pakati muli tchizi ndi quesadilla. Yokulunga ndiwo n'kuthiridwa msuzi wa tsabola pamwamba ndi enchilada. Yokazinga mpaka kuuma, ndiwo zili pamwamba, ndi tostada. Yokhuthala yokhala ndi mkombero ndi sope. Tamal ndi masa wokulungidwa m'makoko a chimanga kapena m'masamba a nthochi n'kuphikidwa ndi nthunzi, mofanana ndi mkate wathu wa nthochi uja, kungoti mkati muli nyama ndi tsabola. M'nyengo yozizira amayi amagulitsa tamales m'mamawa m'mphepete mwa msewu, pamodzi ndi champurrado, kaphala kamadzimadzi ka chimanga kothira chokoleti. Kunja kukakhala chipale chofewa, kapu imodzi ya kaphalako imakubwezerani moyo.

Loweruka ndi Lamlungu funsani pozole, msuzi wa chimanga chathunthu chofufuma ngati mphale yophika, kapena menudo, msuzi wa chifu cha ng'ombe umene anthu amati umachotsa matsire.

Nanga burrito, nachos ndi fajitas, zimene timaziona pa TV?

Mudzazipeza, koma nkhani yake ndi ya m'malire. Kumpoto kwa Mexico amalima tirigu, choncho tortilla ya ufa wa tirigu ndi burrito, tortilla yotere yokulungamo ndiwo, ndi za kumeneko. Burrito wamkulu ngati mkono, wodzaza mpunga, nyemba ndi kirimu, anakulira ku California. Nachos, tizidutswa ta tortilla tokazinga tothira tchizi, anayambira m'tauni ya Piedras Negras, m'malire ndi Texas, m'zaka za m'ma 1940, ndipo dzinalo likuchokera kwa Ignacio Anaya amene anzake ankamutcha Nacho. Fajitas, nyama yobwera ikulira pachiwaya chamoto, ndi za ku Texas. Zakudya zoterezi amazitcha Tex-Mex. Sizoipa, ndipo ana amazikonda. Kungoti munthu amene wadya nachos zothira tchizi wachikasu yekha asamanene kuti wadya za ku Mexico, monga mlendo amene wadya tchipisi cha pachiwaya ku Lilongwe sanganene kuti walawa zophika za Amalawi.

Kodi zonse zimawawa tsabola?

Ayi. Nyama yambiri imabwera yosawawa kwenikweni, ndipo moto uli mu salsa, msuzi wa tsabola umene mumathira nokha. Patebulo pamakhala wofiira ndi wobiriwira. Musanyengeke ndi mtundu. Ine tsiku langa loyamba ndinaganiza kuti wobiriwira ndi wa mapeyala, ndinathira ngati ndikuthira msuzi wa nyemba pampunga, ndipo ndinamaliza chakudyacho misozi ndi mamina zili chuchuchu, woperekera akundiyang'ana mwachisoni. Donthezani pang'ono pamsonga ya tchipisi cha tortilla yokazinga chimene amaika patebulo, lawani, dikirani kaye.

Pa muyeso wa Scoville umene amayezera ukali wa tsabola, jalapeño ali pakati pa 2,500 ndi 8,000, pamene habanero amayambira pa 100,000 kufika 350,000. Habanero ndi m'bale wake wa kambuzi wathu, fungo lake lomwelo, choncho wozolowera kambuzi sangaone chachilendo. Chipotle ndi jalapeño wakupsa wowamba ndi utsi. Poblano ndi tsabola wamkulu wobiriwira wosawawa kwambiri, ndipo akauma dzina limasintha kukhala ancho. Kufunsa ngati chinthu chikuwawa, nenani kuti "¿pica mucho?" Akayankha kuti "poquito", kutanthauza pang'ono, kumbukirani kuti pang'ono pa munthu wa ku Mexico si pang'ono panu.

Mukapsa, madzi sathandiza, chifukwa chimene chimawotcha mu tsabola sichisungunuka m'madzi. Mkaka, kirimu, tchizi kapena tortilla yopanda kanthu ndizo zimazimitsa.

Sindidya nkhumba. Ndisamale ndi chiyani?

Funso ili limachokera kwa abale achisilamu ndi a Seventh Day, ndipo ndi lofunika, chifukwa nkhumba imabisala. Zoonekera ndi carnitas, al pastor, chorizo yomwe ndi soseji yofiira, ndi chicharrón chomwe ndi chikopa chokazinga. Pozole nthawi zambiri ndi wa nkhumba. Chobisika ndi manteca, mafuta a nkhumba. Amalowa mu nyemba zophwanya zotchedwa frijoles refritos, mu masa wa tamales, ndiponso mu tortilla zina za tirigu. Funsani kuti "¿tiene manteca?" ndipo adzakuuzani zoona, malo ambiri masiku ano amagwiritsa ntchito mafuta a mbewu. Nyemba zathunthu zowiritsa, frijoles de la olla, ndi zosavuta, komabe funsani. Dziwaninso kuti mu taqueria yaing'ono nyama zonse zimakazingidwa pachiwaya chimodzi. Amene amasunga halal mosamalitsa ndi bwino asankhe nsomba kapena zamasamba, kapena apite kumalo ophika mbuzi yokha atafunsa za kaphedwe kake.

Osadya nyama konse afunsenso za mpunga wofiira uja, chifukwa ambiri amauphika ndi msuzi wa nkhuku.

Kudya ndi manja n'kololedwa?

Taco amadyedwa ndi manja basi. Kumudula ndi mpeni ndi foloko kuli ngati kudya nsima ndi supuni pamaliro: palibe angakuletseni, koma onse akuonani. Mupinde ndi zala zitatu, pendeketsani mutu wanu osati taco, lumani. Tortilla yachiwiri ija ndi yotolera zimene zagwa. Enchilada ndi zina zamsuzi ndi za foloko. Chimene simudzaona ndi beseni ndi jagi ya madzi osamba m'manja. Kasambeni nokha kuchimbudzi musanayambe.

Munthu wodutsa pafupi ndi tebulo lanu akanena kuti "provecho", akukufunirani kudya kwabwino. Yankhani kuti "gracias".

Tchipisi ndi salsa zimene amabweretsa tisanaitanitse, tilipira?

M'malo ambiri a m'madera a anthu wamba ndi zaulere, ndipo amawonjezera zikatha. M'malo apamwamba amalipiritsa. Guacamole, mapeyala ophwanya ndi ndimu, anyezi, mchere ndi tsabola, ndi wolipira kulikonse, ndipo mtengo wake umapweteka mtima munthu amene kwawo mapeyala amagwa okha mumtengo. Malo ena amamupera pamaso panu mu molcajete, kamtondo kamwala kamiyendo itatu. Chenjerani ndi tchipisicho: ambiri amakhuta nacho chakudya chenicheni chisanafike.

N'zoona kuti amathira chokoleti m'ndiwo ya nkhuku?

N'zoona, koma si mmene mukuganizira. Ndiwoyo ndi mole, kutchula kwake "mo-le". Ndi msuzi wokhuthala wopangidwa ndi mitundu ingapo ya tsabola wouma, mtedza, chitowe, zonunkhiritsa, tortilla yowotcha kapena buledi, ndi chokoleti pang'ono chabe chozamitsa kukoma. Zonsezi amakazinga chilichonse pachokha, kupera, n'kuphika kwa maola ambiri. Wodziwika kwambiri ndi mole poblano wa ku Puebla. Wa ku Oaxaca wotchedwa mole negro ndi wakuda bii. Ndi chakudya cha paukwati ndi pa zikondwerero. Munthu wozolowera ndiwo zotendera amamvetsa msanga maganizo ake, ngakhale kakomedwe kotsekemera ndi kuwawira nthawi imodzi kamadabwitsa poyamba. Mlamu wanga anadya supuni ziwiri n'kukankha mbale. Mkazi wake anapukuta mbale zonse ziwiri ndi tortilla.

Luso lotere ndi limodzi mwa zifukwa zimene bungwe la UNESCO mu 2010 linaika kaphikidwe ka makolo ka ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Ndimwe chiyani?

Yang'anani mitsuko ikuluikulu yagalasi pakauntala. Zakumwa zimenezo ndi aguas frescas, ndipo ziwiri mwa izo mukuzidziwa kale. Chofiira chija, jamaica, kutchula kwake "hamaika", ndi chidede. Chofiirira, tamarindo, ndi bwemba. Choyera ngati mkaka ndi horchata, cha mpunga wonyika ndi sinamoni ndi shuga, ndipo chimathandiza pakamwa pakayaka. Za m'botolo pali Jarritos wa zipatso zosiyanasiyana.

Kwa akumwa mowa, pali Modelo, Pacífico, Tecate ndi Corona. Tequila amatchezedwa kuchokera ku chomera cha agave wa buluu, chofanana ndi khonje, makamaka ku Jalisco. Mezcal amachokera ku mitundu ina yambiri ya agave, kwambiri ku Oaxaca, ndipo amanunkha utsi chifukwa mitima ya chomeracho amaiwotcha m'dzenje. Amamwedwa pang'onopang'ono, osati kugugudiza. Margarita ndi tequila wosakaniza ndi ndimu ndi mowa wotsekemera wa malalanje, mchere uli pamlomo pa tambula. Amatsika ngati sobo, ndiye samalani poimirira. Lamulo la ku America ndi zaka 21, ndipo akhoza kufunsa chiphaso ngakhale kwa munthu wa imvi. Mlendo anyamule pasipoti.

Ndamva kuti amadya ziwala. Zilipo pamenyu?

Malo ophika za ku Oaxaca amakhala nazo. Amazitcha chapulines, zokazinga ndi mchere, ndimu ndi tsabola. Kwa ife okulira ziwala ndi ngumbi, chodabwitsa ndi mtengo wokha. Mudzapezanso quesadilla ya flor de calabaza, omwe ndi maluwa a maungu, chiluwe chathu chija. Nopales ndi masamba a chomera chaminga cha m'chipululu, ndipo akaphikidwa amanandira ngati therere. Chimodzi chokha ndi chimene chimawagonjetsa alendo anga: huitlacoche. Ndi chimanga chija chodwala, chotupa n'kuda ngati mwaye, chimene kumunda timathyola n'kutaya kutali. Iwo amachikazinga ndi anyezi, ndipo chimakoma ngati bowa. Amalume anga, mlimi wa ku Ntchisi, atauzidwa chimene adya anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikutaya ndalama."

Bilu ikabwera ndiyembekezere chiyani?

Mitengo ya pamenyu ilibe msonkho. Ku Chicago msonkho wa chakudya cha mu lesitilanti umapitirira 10 peresenti, ndipo umaonekera pabilu pokha. Pamwamba pa apo pali tip. Kumalo kumene woperekera amabwera patebulo, anthu amasiya 18 mpaka 20 peresenti. Chakudya cha madola 40 mumawonjezera 8. Kwathu timaiona ngati mphatso, koma kuno ndi gawo la malipiro a woperekerayo, ndipo kuchoka osasiya kanthu ndi chipongwe. Mukakhala gulu lalikulu werengani bilu kaye, chifukwa malo ena amaikiratu tip. Pakauntala ya taqueria, dola imodzi kapena ziwiri m'kabotolo zimakwana. Malo ang'onoang'ono ena ndi ogulitsa mumsewu amafuna ndalama yapamanja, osati khadi.

Bilu mumaitanitsa ndi mawu akuti "la cuenta, por favor". Gwirizananinso musanalowe ngati wina akulipirira onse kapena aliyense adzilipirira. Kwathu woitana ndiye wolipira; kuno mnzanu wa kuntchito akati tiyeni tikadye, musasiye chikwama kunyumba. Oimba mariachi akafika patebulo panu n'kuimba nyimbo imene mwapempha, nawonso amalipidwa.

Cinco de Mayo ndi tsiku labwino kupitako?

Ngati mukufuna phokoso ndi margarita, inde. Ngati mukufuna chakudya, ayi. Malo amadzaza ndipo ophika amakhala pa liwiro. Ambiri amaganiza kuti pa 5 Meyi ndi tsiku la ufulu wa Mexico, koma ndi chikumbutso cha nkhondo ya ku Puebla ya mu 1862, pamene asilikali a Mexico anagonjetsa a France. Limakondwereredwa kwambiri ku America kuposa ku Mexico kwenikweniko. Tsiku la ufulu ndi 16 Seputembala, kukumbukira kuyamba kwa nkhondo yolimbana ndi Spain mu 1810, ndipo m'masiku amenewo 26th Street imadzaza ndi perete ndi mbendera. Ndi nyengo yomweyo imene malo ena amaphika chiles en nogada: tsabola wa poblano woikamo nyama ndi zipatso, wothiridwa msuzi woyera wa mtedza wa walnut ndi njere zofiira za chimangachachizungu, kuti m'mbale muoneke mitundu itatu ya mbendera yawo.

Chakudya chikatsala, kupempha kuti ndinyamule si manyazi?

Si manyazi ngakhale pang'ono. Woperekera amafunsa yekha ngati mukufuna kabokosi. Mawu ake ndi "para llevar". Tortilla zotsala musataye. M'mawa ziduleni tizidutswa, zikazingeni mpaka ziume, thirani salsa yotsala ija muwiritse pang'ono, pamwamba ikani dzira lokazinga. Chakudya chimenecho ndi chilaquiles, mkute wa anthu a ku Mexico, ndipo mu lesitilanti momwemo amachigulitsa pa kadzutsa.